Sol Genomics Network

Sol Genomics Network, yomwe imafupikitsidwa kuti SGN, ndi nkhokwe ya pa intaneti yosunga zotsatira za kafukufuku wa majini a zomera za m'banja la Solanaceae. M'banja limeneli muli tomato, mbatatesi, tsabola, mabilinganya ndi fodya. Nkhokweyi imayendetsedwa ndi Boyce Thompson Institute, bungwe lofufuza za zomera lomwe lili pa yunivesite ya Cornell mumzinda wa Ithaca, m'chigawo cha New York ku United States. Aliyense amene ali ndi intaneti angathe kuigwiritsa ntchito kwaulere pa solgenomics.net.

Cholinga cha SGN ndi kuika pamalo amodzi zimene akatswiri apeza pa zomera zapachibalezi, kuti zomwe zadziwika pa mbewu imodzi zithandize pofufuza inzake. Amene amaigwiritsa ntchito kwambiri ndi akatswiri a sayansi ya zomera, opanga mbewu zatsopano komanso ophunzira a m'mayunivesite.

Mawu ofunika kuwadziwa

Selo iliyonse ya chomera imakhala ndi DNA, chinthu chonga ulusi wautali chomwe chimasunga malangizo a kakulidwe ka chomeracho. Malangizowa amalembedwa ndi timagawo ta mitundu inayi tomwe akatswiri amatiimira ndi zilembo A, C, G ndi T. Kachigawo ka DNA kamene kali ndi malangizo a ntchito inayake, monga kupanga puloteni, kamatchedwa jini. DNA imakhala yokulungidwa m'mitolo yotchedwa makromozomu, ndipo DNA yonse ya chamoyo chimodzi imatchedwa jinomu. Kuwerenga jinomu kumatanthauza kupeza mmene zilembozo zandandalikidwira kuyambira koyamba mpaka kotsiriza pa kromozomu iliyonse. Popeza zilembozi zimafika mamiliyoni mazanamazana, sizingasindikizidwe m'buku, n'chifukwa chake zimasungidwa m'makompyuta akuluakulu omwe anthu amawapeza kudzera pa intaneti.

Banja la Solanaceae

Banja la Solanaceae lili ndi mitundu ya zomera yoposa 2,500, ndipo yambiri inachokera ku South America ndi Central America. Gulu lalikulu kwambiri m'banjali ndi Solanum, lomwe lili ndi mitundu yoposa 1,000, kuphatikizapo tomato, mbatatesi ndi mabilinganya. Tsabola ali m'gulu la Capsicum pomwe fodya ali m'gulu la Nicotiana. Zomera zina zodziwika ku Malawi ndi ku Zambia monga mnadzi, impwa, nthula ndi jamu zilinso m'banja lomweli. Mbatata ya kholowa siili m'banjali ngakhale dzina lake likufanana ndi la mbatatesi. Iyo ili m'banja lina lotchedwa Convolvulaceae.

Chimene chimachititsa kuti nkhokwe imodzi ikwanire banja lonse ndi kufanana kwa majinomu ake. Tomato, tsabola ndi mabilinganya ali ndi makromozomu 12 apawiriapawiri, ndipo mbatatesi nayo imatsatira chiwerengero chomwecho cha 12, kungoti mitundu yambiri yolimidwa imakhala ndi makope anayi a kromozomu iliyonse, onse pamodzi 48. Majini ambiri amapezeka pamalo ofanana komanso motsatana mofanana m'zomera zimenezi. Mu 1992 gulu la Steven Tanksley wa ku Cornell linasindikiza mapu a makromozomu a tomato ndi mbatatesi omwe anaonetsa kuti mbewu ziwirizi zimasiyana kwenikweni m'malo ochepa pomwe chigawo cha kromozomu chinatembenuka. Choncho katswiri amene wapeza jini yofunika mu tomato amadziwa kale poyambira kuifunafuna mu mbatatesi kapena tsabola.

Mbiri

SGN inayamba ku Cornell, ngati malo osungira mapu a makromozomu ndi tizidutswa ta majini tomwe tinkapezeka pa kafukufuku wa tomato. Ndalama zambiri zoyendetsera ntchitoyi zinkachokera ku National Science Foundation, nthambi ya boma la United States. Amene wakhala akuitsogolera kwa nthawi yaitali ndi Lukas Mueller, yemwe poyamba ankagwira ntchito pa TAIR, nkhokwe ya kachomera kotchedwa Arabidopsis thaliana. Pambuyo pake gulu lake linasamukira ku Boyce Thompson Institute.

Mu 2003 akatswiri ochokera m'maiko osiyanasiyana anagwirizana zoyambitsa ntchito yotchedwa SOL, ndipo anasankha tomato kuti akhale chomera choyimira banja lonse. Ntchito yowerenga jinomu yake inagawidwa malinga ndi makromozomu. Mwachitsanzo, South Korea inatenga kromozomu 2, Britain 4, India 5, Netherlands 6, France 7, Japan 8, Spain 9 ndipo Italy inatenga 12, pomwe otsalawo anali m'manja mwa United States ndi China. SGN ndiyo inali malo okumanira: gulu lililonse linkatumizako zomwe lawerenga ndipo ena ankaziona nthawi yomweyo. Ntchitoyi inkayenda pang'onopang'ono mpaka pamene kunabwera makina atsopano owerenga DNA mofulumira, ndipo maguluwo anasintha njira n'kuyamba kuwerenga jinomu yonse nthawi imodzi.

Zotsatira zinasindikizidwa m'magazini ya sayansi ya Nature mu May 2012 ndi akatswiri oposa 300 ochokera m'maiko 14. Iwo anawerenga tomato wa mtundu wa Heinz 1706 pamodzi ndi wachibale wake wakutchire, Solanum pimpinellifolium, yemwe amabereka tizipatso tating'onoting'ono. Anapeza kuti jinomu ya tomato ili ndi zilembo pafupifupi 900 miliyoni ndi majini pafupifupi 35,000. Tomato wolimidwa ndi wakutchireyo amasiyana ndi 0.6 peresenti yokha ya zilembo zawo, pomwe tomato ndi mbatatesi zimasiyana ndi 8 peresenti ndi kupitirirapo.

Majinomu a mbewu zina

Mbatatesi inawerengedwa tomato asanamalizidwe, ndipo zotsatira zinatuluka mu Nature mu July 2011. Makope anayi a makromozomu ake ndi osiyanasiyana moti makompyuta ankalephera kuwalekanitsa. Pofuna kuthana ndi vutoli, akatswiri anagwiritsa ntchito chomera chapadera chotchedwa DM, chomwe chili ndi makope awiri okha ofanana ndendende. Anapeza zilembo pafupifupi 844 miliyoni ndi majini pafupifupi 39,000.

Jinomu ya tsabola inasindikizidwa mu 2014 ndi gulu lotsogozedwa ndi Doil Choi wa ku Seoul National University, pogwiritsa ntchito tsabola wa ku Mexico wotchedwa CM334. Ili ndi zilembo pafupifupi 3.5 biliyoni, kutanthauza kuti ndi yaikulu pafupifupi kanayi poyerekeza ndi ya tomato, ngakhale chiwerengero cha majini n'chofanana. Kusiyanaku kumabwera chifukwa cha zidutswa za DNA zomwe zinadzibwereza kambirimbiri. Chaka chomwecho akatswiri a ku Kazusa DNA Research Institute ku Japan anatulutsa jinomu yoyamba ya mabilinganya, ndipo ya duwa la petunia inatsatira mu 2016. Ya impwa, Solanum aethiopicum, inatuluka mu 2019 kudzera m'ntchito ya African Orphan Crops Consortium, mgwirizano wofufuza mbewu za ku Africa zomwe kwa nthawi yaitali sizinkalabadiridwa.

Fodya, Nicotiana tabacum, ali ndi jinomu ya zilembo pafupifupi 4.5 biliyoni m'makromozomu 48, chifukwa anabadwa pamene zomera ziwiri zakutchire, Nicotiana sylvestris ndi Nicotiana tomentosiformis, zinaberekana. Mu 2014 kunasindikizidwa majinomu a mitundu itatu: K326 wowotcha m'chigafa cha moto, TN90 wa bale, ndi Basma Xanthi wa orientale. Mu 2017 kunatuluka jinomu yokonzedwa bwino ya K326 yomwe inaikidwa pa SGN, ndipo mothandizidwa ndi iyo akatswiri anapeza majini awiri amene amachititsa fodya wa bale kukhala wotumbuluka ndi kusagwiritsa ntchito bwino nayitirojeni. Izi zinafotokoza chifukwa chake bale, yemwe ndiye fodya wolimidwa kwambiri ku Malawi, amafuna feteleza wochuluka kuposa mitundu ina. Mbali yaikulu ya kafukufuku wa jinomu ya fodya inachitidwa ndi akatswiri a makampani a fodya.

Nkhokweyi imasunganso jinomu ya Nicotiana benthamiana, chomera cha ku Australia chomwe sichilimidwa koma chimagwiritsidwa ntchito kwambiri m'malabotale poyesa ntchito za majini, popeza chimagwidwa mosavuta ndi mavairasi ambiri.

Mmene nkhokweyi imagwirira ntchito

Jini iliyonse ya tomato ili ndi nambala yake yomwe akatswiri padziko lonse amaigwiritsa ntchito. Mwachitsanzo, jini yotchedwa RIN, yomwe imayendetsa kupsa kwa chipatso, nambala yake ndi Solyc05g012020. Zilembo zoyambirira zikuimira Solanum lycopersicum, dzina la tomato la sayansi, 05 akutanthauza kromozomu 5, ndipo manambala otsatirawo akusonyeza malo a jiniyo pa kromozomuyo. Munthu akalemba nambalayi pa SGN amapeza tsamba lokhala ndi zilembo za jiniyo, puloteni imene imapanga, maina ena amene imadziwika nawo, majini ofanana nayo m'zomera zina, ndi zolemba za akatswiri amene anaifufuza.

Zida zazikulu zomwe zilipo ndi izi:

BLAST imalola munthu kuika kachidutswa ka DNA kamene ali nako n'kufufuza pomwe pali zilembo zofanana nako m'majinomu onse osungidwa. Wofufuza amene wapeza jini yosadziwika mu mnadzi angadziwe m'mphindi zochepa ngati ili ndi inzake yodziwika kale mu tomato.

JBrowse imaonetsa kromozomu ngati mzere wautali womwe munthu angaukuze kapena kuuchepetsa monga amachitira ndi mapu a pa foni, n'kuona majini oyandikana.

Chida chofananitsira mapu chimaika makromozomu a zomera ziwiri pambalipambali ndi kulumikiza malo ofanana.

Tomato Expression Atlas imasonyeza mbali ya chipatso ndi nthawi imene jini iliyonse imagwira ntchito, kuyambira chipatso chili chanthete mpaka chitapsa.

SolCyc imalongosola mmene chomera chimapangira zinthu monga shuga, utoto wofiira wa tomato wotchedwa lycopene, kapena capsaicin yemwe amawawitsa tsabola.

Chida cha VIGS chimathandiza kusankha kachidutswa ka DNA koyenera pofuna kutseka jini imodzi kwa kanthawi, kuti aone chomwe chisinthe pa chomera.

Chimodzi mwa zinthu zomwe SGN inayambitsa msanga ndi kulola akatswiri akunja kukonza okha masamba a majini amene amawadziwa bwino. Katswiri amapempha kuti akhale woyang'anira tsamba la jini inayake, ndipo akavomerezedwa amawonjezerapo zatsopano. Njirayi inabwera chifukwa antchito ochepa a nkhokwe sakanakwanitsa kuwerenga zolemba zonse zomwe zimatuluka chaka ndi chaka. Mapulogalamu a kompyuta oyendetsera SGN nawonso ndi aulere ndipo amapezeka pa GitHub.

Kuchokera pa kompyuta kufika kumunda

Phindu lalikulu la nkhokweyi kwa mlimi limadzera mwa opanga mbewu zatsopano. Tomato wolimidwa anataya kusiyanasiyana kwambiri kwa majini pa zaka zomwe anthu akhala akumusankha, ndipo majini ambiri opirira matenda amachokera kwa abale ake akutchire a ku South America. Jini ya Mi-1, yoteteza mizu ku tinyongolotsi totupitsa mizu, inachokera ku Solanum peruvianum m'zaka za m'ma 1940. Ty-1, yopirira vairasi yopotanitsa ndi kuchititsa chikasu masamba yomwe imafalitsidwa ndi ntchentche zoyera, inachokera ku Solanum chilense. Ph-3, yopirira chiwawu, inachokera ku Solanum pimpinellifolium.

Kale, wopanga mbewu ankayenera kubereketsa zomera, kudzala ana ake onse, kuwapatsa matendawo dala n'kudikira kuti aone opulumuka. Masiku ano amatsegula nkhokwe, n'kupeza malo a jiniyo pa kromozomu, kenako n'kusankha chizindikiro, chomwe ndi kachidutswa ka DNA kokhala pafupi ndi jiniyo kamene kamasiyana pakati pa chomera chopirira ndi chosapirira. Akatero amathyola katsamba pa mbande iliyonse ikadali kunazale n'kukayeza mu labotale. Mbande zopanda chizindikirocho zimatayidwa zisanaokeredwe, ndipo malo, madzi ndi nthawi zimapulumuka. Njira imeneyi si yofanana ndi kusintha majini mu labotale kotulutsa mbewu za GMO, chifukwa zomerazo zimaberekana mwachibadwa ndipo DNA imangoyezedwa posankha.

Mapu amathandizanso kumvetsa zomwe zinkavuta. Mi-1 ndi Ty-1 zonse zili pa kromozomu 6, moyandikana, koma zinachokera ku zomera zakutchire zosiyana. Chifukwa cha ichi kunali kovuta kuziphatikiza m'mbewu imodzi: potenga ina, inzake inkatsala. Zizindikiro zolondola zimathandiza kupeza mbande zowerengeka zomwe zatenga zonse ziwiri pakati pa mbande zambirimbiri.

Pa mbatatesi, nkhondo yaikulu ndi ya chiwawu choyambitsidwa ndi Phytophthora infestans, matenda omwe anabweretsa njala yaikulu ku Ireland kuyambira mu 1845 ndipo amavutitsabe alimi m'madera ozizira ndi achinyezi monga Dedza ndi Ntcheu. Majini opirira matendawa apezeka m'mbatatesi zakutchire monga Solanum bulbocastanum ndi Solanum venturii. Ku Uganda, International Potato Center pamodzi ndi bungwe la boma lofufuza za ulimi la NARO anayesa m'munda mbatatesi ya Victoria yomwe anaiika majini atatu ochokera ku zomera ziwirizi. Apa njira yomwe inagwiritsidwa ntchito inali yosintha majini mu labotale, ndipo mbewu zotere zimafuna chilolezo cha boma zisanaperekedwe kwa alimi.

Breedbase ndi mbewu za ku Africa

Mapulogalamu omwe anapangidwira SGN anakulitsidwa n'kukhala Breedbase, chida chosungira zonse zochitika pa ntchito yopanga mbewu: makolo a mbewu iliyonse, kayalidwe ka munda woyesera, zokolola, ndi zotsatira za kuyeza DNA. Nkhokwe yoyamba yotereyi inali Cassavabase, ya chinangwa, yomwe inabwera ndi ntchito ya NextGen Cassava yomwe inayamba mu 2012. Amaigwiritsa ntchito akatswiri a International Institute of Tropical Agriculture komanso mabungwe ofufuza a maboma a Nigeria ndi Uganda. Kenako kunabwera Sweetpotatobase ya mbatata ya kholowa, Musabase ya nthochi ndi Yambase ya zilazi. Palibe ngakhale imodzi mwa mbewuzi yomwe ili m'banja la Solanaceae, koma zonse zikudalira luso lomwe linayambira pa tomato.

M'gulu la zida zimenezi muli solGS, yomwe imaphunzira kuchokera ku zomera zomwe zinayezedwa kale DNA ndi zokolola, n'kulosera mmene mbande yatsopano idzaberekere pongoona DNA yake. Kwa mbewu yochedwa kukhwima ngati chinangwa, izi zimafupikitsa nthawi yodikira asanasankhe makolo a mbadwo wotsatira.

Nkhokwe zina zofanana nayo

SGN siigwira ntchito yokha. Spud DB, yomwe inakhazikitsidwa ndi gulu la Robin Buell ku Michigan State University, ndiyo nkhokwe yodalirika ya jinomu ya mbatatesi. TOMATOMA ya ku yunivesite ya Tsukuba ku Japan imasunga mbiri ya zomera za tomato wamfupi wa Micro-Tom zomwe majini ake anasinthidwa dala pofuna kudziwa ntchito zake. Zilembo zosakonzedwa zochokera m'makina zimasungidwa ku NCBI ya ku United States, EMBL-EBI ya ku Britain ndi DDBJ ya ku Japan, zomwe zimagawana zonse zimene zalandira. Ensembl Plants ndi Phytozome zimasunga majinomu a mabanja ambiri a zomera.

Nkhokwe za pa intaneti zimasunga chidziwitso chabe, pomwe njere zenizeni zimasungidwa kwina. C.M. Rick Tomato Genetics Resource Center ya ku University of California, Davis, imasunga njere za tomato wakutchire, ndipo zambiri anazitolera Charles Rick pa maulendo ake ku South America. International Potato Center ku Lima, m'dziko la Peru, imasunga mitundu masauzande ya mbatatesi. World Vegetable Center, yomwe likulu lake lili ku Taiwan ndipo ili ndi nthambi ku Arusha m'dziko la Tanzania, imasunga tomato, tsabola, mabilinganya ndi ndiwo zamasamba za ku Africa.

Zovuta ndi mikangano

Jinomu ya chomera chimodzi siingayimire mtundu wonse. Mu 2019 gulu lotsogozedwa ndi akatswiri a Boyce Thompson Institute linafananitsa mitundu 725 ya tomato wolimidwa ndi wakutchire, ndipo linapeza majini 4,873 omwe mulibe mu Heinz 1706. Ambiri mwa iwo ndi okhudza kudziteteza ku matenda. Kuyambira pamenepo akatswiri akulimbikira kusonkhanitsa majinomu a mitundu yambiri m'malo modalira umodzi.

Vuto lina ndi kusinthasintha kwa jinomu yosungidwa. Ya tomato yakonzedwa kangapo, ndipo makope ake amadziwika ndi maina monga SL2.50, SL3.0 ndi SL4.0. Pa kukonza kulikonse malo a majini amasuntha, ena amaphatikizidwa ndipo ena amachotsedwa. Wofufuza amene watenga malo a chizindikiro m'kope lakale n'kuwafufuza m'kope latsopano amafika pamalo olakwika, choncho amayenera kutchula nthawi zonse kope lomwe wagwiritsa ntchito. Komanso ntchito za majini ambiri zinangoloseredwa ndi kompyuta poona kufanana kwake ndi majini ena, ndipo sizinatsimikizidwe pa chomera chamoyo.

Chizindikiro cha DNA sichilowa m'malo mwa munda woyesera. Jini ya Mi-1 imasiya kuteteza mizu dothi likatentha kupitirira madigiri 28, choncho tomato amene wapambana mayeso a mu labotale angathe kugwidwabe m'madera otentha. Tizilombo toyambitsa matenda natonso timasintha, ndipo jini yomwe inkateteza bwino imatha kugonja pakapita zaka. Palinso kusalingana pa mwayi: nkhokwe ndi yaulere, koma makina ndi mankhwala oyezera DNA, intaneti yodalirika ndi akatswiri ophunzitsidwa zimafuna ndalama. Mbewu monga mnadzi ndi impwa zafufuzidwa pang'ono poyerekeza ndi tomato.

Mkangano waukulu ndi wa umwini. Pangano la Nagoya, lomwe linavomerezedwa mu 2010 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2014, limafuna kuti dziko lomwe kwachokera chomera lipindule chikagwiritsidwa ntchito. Koma zilembo za DNA zikaikidwa pa intaneti, kampani ingazigwiritse ntchito popanda kukhudza njere kapena kupempha aliyense. Maiko ambiri a ku Africa ndi South America akhala akunena kuti zimenezi zikuwamana gawo lawo, pomwe akatswiri ambiri akuopa kuti kutseka nkhokwe kungabwezere m'mbuyo kafukufuku, makamaka m'maiko osauka omwewo. Pamsonkhano wa United Nations wa zachilengedwe womwe unachitikira ku Cali m'dziko la Colombia mu 2024, maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lotchedwa Cali Fund, lomwe makampani akuluakulu opindula ndi chidziwitso chotere akuyembekezeka kuponyamo ndalama, nkhokwe zili zotsegukabe kwa onse.